Chaka Chimene Msuweni Wanga Anadzutsa Mileme

Kuseri kwa nyumba ya anganga, kwa Nchema, kunali nthochi zambiri zotsetserekera kukhwawa, ndipo ntchito yodula masamba ake inali yanga. Anganga ankaphika mikate ya nthochi yokagulitsa ku Namadzi. Lachisanu ndikaweruka kusukulu ndinkatenga mpeni, kukadula masamba okhwima osang'ambika, kuwawamba pamoto kuti afewe, n'kuwagawa m'zidutswa zokulungira. Anganga ankasinja nthochi zakupsa mumtondo n'kusakaniza ndi mgaiwa, ine n'kumamanga ndi luzi. Loweruka m'mawa tinkanyamuka awiri, iwo patsogolo ndi ndodo yawo, ine pambuyo ndi dengu pamutu.

Ulendo wa Loweruka umenewo ndiwo unali chuma changa. Mayi anga anamwalira ndikuyamba kumene kuyenda, bambo anali atatsogola kale, ndipo nkhope zawo sindizikumbukira. Panjira anganga sankalankhula zambiri, inenso ayi, koma tikafika pamtsetse ankacheuka n'kufunsa kuti, "Mkazi mnzanga, khosi lilipo?" Ndimo mmene agogo amasekera ndi zidzukulu zawo zazikazi, koma ine ndinkayesa kuti mawuwo anawapangira ine ndekha. Pamsika ndinkakhala pambali pawo n'kumayang'ana. Ndinkadziwa mayi wa tomato amene ankafinya mikate yonse osagulapo, ndi kondakitala amene ankagula iwiri n'kubisa umodzi m'malaya. Pobwerera anganga ankandigulira nzimbe, ndipo ndinkaidya pang'onopang'ono kuti ifike nane kunyumba.

Msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Limbe, anabwera chimanga chitangolowa m'nkhokwe. Amalume ndi akazi awo anali atasiyana nyumba kwa kanthawi, ndiye anati mwana ayambe wakhala kumudzi. Tinali atsikana a msinkhu umodzi. Anali ndi juzi yofiira yokhala ndi chipewa chake, nsapato zotseka, ndi pakamwa posapuma. Tsiku loyamba lomwelo anayang'ana kudenga nati, "Agogo, mbewa za muno zimalipira lendi kapena ndi achibale?" Anganga anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinali nditakhala nawo moyo wanga wonse, koma kuseka kotero ndinali ndisanakumvepo.

Loweruka loyamba tinapita atatu. Ine ndinasenza, msuweni n'kumangodumphadumpha patsogolo. Titangotula, iye anaimirira pamalo pamene ine ndinkakhala pansi, nayamba kuitanira. Kwa kondakitala uja anati, "Achimwene, mwaonda ndi kukuwa, idyani mkate mawu abwerere." Kwa mayi wa tomato anati, "Amayi, mwaufinya umenewo, ndiye wakuzolowerani, tengani basi." Mayiyo anagula. Dzuwa lisanafike pamutu dengu linali lopanda kanthu.

Lachisanu lotsatira, tikumanga mikate, anganga anati mawa wina atsale, mbuzi za anthu zikutha nandolo kumunda.

"Iwe ndiwe mwini mudzi," anatero osandiyang'ana. "Mnzakoyu ndi mlendo. Mlendo ndi mame."

Mbuzizo zinalipo chaka chatha, zinaliponso zaka zam'mbuyomo, ndipo nandolo sanathe.  M'mawa mwake ndinamupotera nkhata msuweni, chifukwa sankadziwa kupota, n'kumutwika dengu. Analigwira ndi manja onse awiri ngati wanyamula mwana wa eni. Atafika pamtsetse ndinamva anganga akuti, "Mkazi mnzanga, khosi lilipo?"

Masabata anapita, mame aja osakamuka. Nzimbe zinkabwerabe, koma zinkafika zoduladula, zosankhidwa ndi msuweni, ndipo sizinkakoma chimodzimodzi. Madzulo a Loweruka awiriwo ankakumbutsana za pamsika, kutchulana anthu amene ine ndinawadziwa kale iye asanabwere, n'kumaseka. Lamulungu lililonse amalume ankaimba pafoni ya a neba, msuweni n'kuthamangirako. Ankabwerako akudandaula kuti bambo ake amalankhula nthawi yaitali.

Chimene chinatsala changa chinali m'nthochi muja. Tsamba la nthochi likamatuluka limakhala lopindika, lalitali, lotseguka pang'ono kumwamba ngati fanulo. M'masamba otero mumagona timileme ting'onoting'ono, takuda mofiirira, kamodzi kosaposa chala chachikulu. Ndinatitulukira ndekha ndili wamng'ono, ndipo sindinauzepo munthu. Nthawi yotentha ukangogwedeza tsamba timatuluka nthawi yomweyo. Koma mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa, phiri la Chiradzulu litabisika m'nkhungu masiku angapo, timilemeto timasanduka ngati takufa. Ukasuzumira umangoona timipira taubweya titandondozana, osagwedezeka. Ukagwira kamodzi kamazizira ngati mwala wa mumtsinje. Mpweya wake sumauona. Umadikira, kudikira, kenako kachifuwa kamakwera kamodzi n'kukhalanso chete.

Chaka chimenecho timilemeto ndinkatichitira nsanje. Loweruka m'mawa, awiri aja atapita, ndinkaima m'nthochi manja m'khwapa, mano akugundana, n'kumaganiza kuti tinthu timeneti tinapatsidwa mwayi. Kunja kukaipa timangozimitsa thupi. Sitimva kuzizira, sitimva njala, sitiwerenga kuti tsopano anzathu afika pamtsetse, tsopano atula, tsopano akuseka. Ine thupi langa silinkadziwa kuzima. Ndinkamva chilichonse.

M'mawa wina wa chiperoni, tchuthi chitayamba, msuweni ananditsatira ku nthochi. Anali atavala juzi yake, chipewa kumutu.

"Asuweni, mumakhalitsa kuno. Muli ndi mwamuna m'nthochimu?"

"Ndikudula masamba."

"Masamba oderawa? Taonani ili, lanthete, losalala. Mumasiyiranji labwino?"

Ndisanamuletse anali atalanda mpeni n'kutema tsamba lopindika. Linagwa, timileme titatu n'kugubuduka pansi. Msuweni analumphira kumbuyo, kenako anatigwedeza ndi nsonga ya nsapato.

"Tafa. Tafa ndi chisanu chanu chakumudzichi."

"Sitinafe."

"Ndiye tikutani, tikupemphera?"

"Tagona."

"Iwe, chogona chimapuma. Ichi n'chozizira ngati nsomba ya mufiriji. Anthu akumudzi, mpaka maliro simuwadziwa."

Kwathu kunalibe firiji ndipo ndinali ndisanagwirepo nsomba yotero, koma ndinadziwa kuti pano pokha wagwa nayo. Ndinatola kamodzi, kukaika pachikhatho, kuphimba ndi dzanja linalo, n'kumauzira mpweya pakati pa zala. Msuweni ankandiseka, akuti ndikufuna kukhala mneneri. Patapita nthawi ndinamva kunjenjemera kwapansipansi, ngati foni ya a neba ikamalira m'thumba. Ndinatsegula pang'ono kuti aone. Kanthu kaja kankanjenjemera thupi lonse, ubweya utaima, makutu akutambasuka. Kanayamba kufunda m'manja mwanga, kufunda kochokera mwa iko komwe, kopitirira kwa manja anga. Kenako kanayasamula, kukwawira kunsonga ya chala, n'kuuluka kukalowa m'nthochi za kumunsi.

Msuweni anakatsatira ndi maso. Chibwerereni, aka kanali koyamba kumuona atasowa chonena, ndipo ndinamva kukoma kuposa nzimbe iliyonse.

Kukomako sikunafike madzulo. Tikudya, iye anafotokozera anganga nkhani yonse, akunjenjemeretsa mapewa ngati kamleme, akuyasamula, akuuluka ndi manja. Sananame, anatchula ndithu kuti ndine ndinamuonetsa, koma nkhaniyo m'kamwa mwake inali itasanduka yake. Anganga anapukuta misozi ya chiseko nati, "Mwana uyu aa." Ine anangondiuza kuti ndikasambe m'manja ndi sopo, mileme si nkhuku.

Kuyambira pamenepo msuweni ankadzuka m'mawa kukadzutsa mileme. Anaitana ana a kuseri, n'kumachita ngati m'busa woukitsa akufa, akuimba nyimbo ya maliro kenako ya kuuka. Tsamba lopindika lililonse lomwe ankalifikira analisuzumira. Timilemeto tikauluka tinkakalowa m'masamba ena apafupi, iye mawa lake n'kutipezanso. Ine ndinkaona chinthu chimene iye sankachiona. Kamene kankadzutsidwa masiku otsatizana kankapepuka m'manja, mafupa akumsana n'kumamveka pansi pa ubweya, ndipo kankachedwa kudzuka. Kamodzi sikanadzuke n'komwe. Msuweni anauzira mpaka masaya kuwawa, ana aja n'kumwazikana.

"Aka ndiye kanali kakufa kale," anatero.

"Dzulo kanauluka. Kali ndi khutu long'ambika, ndikukadziwa."

"Ndiye wakapha ndani? Ine ndimangotifunditsa. Kufunda kumapha?"

 Yankho ndinadzalipeza patapita zaka, ku sekondale, aphunzitsi a sayansi akufotokoza za mileme ya kumayiko ozizira imene imagona miyezi yathunthu m'mapanga. Anati m'thupi muli tinthu totchedwa maenzayimu, timene timaphwanya chakudya ndi mafuta kuti thupi lipeze mphamvu. Thupi likafunda timagwira ntchito mofulumira, likazizira timachita ulesi. Mleme ukaona kuti kunja kulibe tizilombo toti udye, umadzichepetsera wokha moto wa m'thupi, mtima n'kumagunda patalipatali, mafuta amene unasunga n'kumanyeka pang'onopang'ono ngati chikuni chokwiriridwa m'phulusa. Koma kudzuka n'kodula. Kuti thupi lozizira lifundenso, mleme umawotcha mafuta ambiri nthawi imodzi, ndipo kunjenjemera kuja ndiko kukoleza motowo. Ukadzutsidwa kawirikawiri nthawi imene kulibe chakudya, nkhokwe yake imatha nyengo isanasinthe. Yathu ya m'nthochi sigona miyezi, imangozima masiku achisanu, koma ndinazindikira pomwepo chimene chinapha kamleme ka khutu long'ambika kaja. Ndinakhala m'kalasimo ndikufuna kuti msuweni akhalepo amve. Anali kutali, ndipo mwina anali ataiwala.

Koma chaka chija zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti wanditengera Namadzi, wanditengera dzina, tsopano wanditengeranso nthochi.

Ana akumudzi atatopa nazo, msuweni anaganiza zokaonetsa ku Namadzi. Ine sindinaone akukonzekera. Anadula tsamba lopindika m'mamawa, kulimanga uku ndi uku ndi luzi, n'kulinyamula m'manja ngati nzimbe. Anganga ankayesa ndi loti akhalire.

Tsiku limenelo anabwerako dzuwa litapendeka, dengu likadali lolemera. Ndinawaona akutsika mtsetse motalikirana, anganga patsogolo akubaya pansi ndi ndodo. Nditamutula msuweni ndinapeza mikate yoposa theka ili momwemo.

"Funsa mneneri wakoyo," anatero anganga.

"Agogo, anthu anasangalala. Anadzaza mpaka a njinga za kabaza anaima."

"Anadzaza kudzagula?"

"Akanagula. Ndi mayi a tomato aja anasokoneza."

"Mayi a tomato anafunsa funso lake labwinobwino. Ati kodi masamba ogona mileme ndi omwewa mukukulungira chakudya cha anthu? Iwe unayankha chiyani?"

Msuweni anayang'ana pansi. "Ndinati nthochi zake ndi zomwezo."

"Nthochi zake ndi zomwezo. Wamva? Pakamwa ngati chitseko cha sitolo. Wina uko akuti gogo uyu amaweta mileme, n'chifukwa chake malonda ake amatha msanga. Ine mayi wa mvano kutchalitchi, mpaka kunditchula zimenezo pamsika, imvi zili mbuu." Anatembenukira kwa ine. "Nawenso. Unakhala nazo zaka zonsezi osauza munthu, n'kudzasankha kuuza wailesi."

Mikate yotsalayo tinadya masiku atatu, ina kugawira a neba. Lachisanu lotsatira anganga anaphika yochepa, nanena kuti mawa wailesi itsale ndi mbuzi.

Sindinaonetse chilichonse pankhope. M'mawa ndinapota nkhata yanga, kusenza dengu popanda kuligwira, n'kudutsa pafupi ndi msuweni amene anakhala pakhonde atakwinya juzi yake. Njira inali yomwe ija, mitengo ya mango yomwe ija, nkhungu ikuchoka pang'onopang'ono m'minda. Pamtsetse ndinachepetsa liwiro kudikira funso lija. Anganga anali ndi zawo m'mutu, sanacheuke.

Pamsika tinakhala pamalo athu akale. Anthu ankadutsa, ena kuyang'ana dengu n'kunong'onezana. Mayi wa tomato sanafinye ngakhale umodzi. Kondakitala uja anabwera, mtima wanga n'kukhala pansi, koma anangosuzumira kumbuyo kwathu.

"Agogo, kamtsikana ka mileme kaja kali kuti lero?"

"Katsala kunyumba."

"Aa, mwakalanga? Ine ndimafuna kandidzutsire dalaivala wangayu, wagona chigonere."

Anaseka yekha n'kupita osagula. Anthu ena angapo anafunsanso chimodzimodzi. Ine ndinkadziwa zoyenera kunena. Ndinkadziwa kuti mileme imagona m'masamba anthete opindika okha, pamene ife timakulungira okhwima otambasuka, ndipo lililonse limadutsa pamoto. Mawuwo ndinawakonza bwinobwino m'mutu. Mayi wina ataima n'kunyamula mkate, kuutembenuza, kuununkhiza, ndinatsegula pakamwa, koma chotuluka chinali chaching'ono moti hutala ya minibasi inachimeza. Mayiyo anati, "Wati chiyani, mwana?" Ndinayang'ana anganga, anganga n'kuyang'ana ine. Mayiyo anabweza mkate n'kupita.

Masana anganga anatsitsa mtengo. Ngakhale apo tinabwerera ndi yotsala. Nzimbe anandigulira, yaitali, yosadula, ndipo ndinainyamula osaiyamba.

Tili pakati panjira anaima kuti apume, natsamira ndodo.

"Zija umafuna kunena kwa mayi uja, zinali chiyani?"

Ndinawauza zonse, za masamba opindika ndi otambasuka, za moto. Anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu.

"N'zoona zimenezo. Ukamuuze mnzakoyo madzulo ano, azigwire bwino. Amene anawononga ndi pakamwa akakonze ndi pakamwa pomwepo."

"Ndikhoza kukanena ndekha sabata yamawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali. "Mwana wa mwana wanga, timadyera mikate imeneyi. Tikadikira kuti mawu ako akule, tigona ndi njala. Iwe uli ndi manja ndi maso. Uja alibe zimenezo, angatikulungire ndi tsamba la mileme lenilenilo. Aliyense pake."

Madzulo ndinamuphunzitsa msuweni. Ndinamutengera ku nthochi, kumuonetsa tsamba lokhwima, kumuonetsa mmene limasinthira mtundu likadutsa pamoto. Anamvetsera ngati kusukulu, nabwereza mawu anga kawiri, kachitatu n'kuwonjezamo zake. Anati akatenga tsamba lowamba ndi losawamba kuti anthu akanunkhize okha. Nzeru imeneyo ine sindinaiganize, ndipo inandipweteka kuti inali yabwino.

Loweruka linalo anabwerako dzuwa lisanapendeke, dengu lopanda kanthu, akuseka kuyambira pamtsetse. Msuweni anauza anthu kuti mleme ndi bwana, sugona m'nyumba yakale, umafuna yatsopano yokhayokha, ndipo tsamba lathu limadutsa pamoto woti ngakhale Satana angapemphe madzi. Mayi wa tomato anagula iwiri. Anganga anafotokoza zimenezi kwa a neba, kenako kwa amayi a kutchalitchi, ndipo nthawi zonse nkhaniyo inkathera pakuti mwana wa ku Limbe ndi wochenjera.

Amalume ndi akazi awo sanabwererane, ndiye msuweni analembetsa pasukulu yathu n'kukhala mpaka kumaliza pulayimale. Mileme anaisiya yekha, poti nkhani yake inali itatha kukoma. Za mbuzi anganga sanazitchulenso, panalibenso chifukwa chonamizira. Lachisanu ndinkadula masamba, kuwamba, kumanga. Loweruka ndinkapota nkhata, kumutwika msuweni, n'kuwaperekeza mpaka pamalire a munda wathu. Kusenza anadzaphunzira, mpaka kumayenda manja ali m'matumba a juzi, akucheuka kundifunsa chimene ndikufuna andibweretsere. Ku Namadzi ndi anganga sindinapitenso.